Chitsulo chosalazira dothi pa thirakitala: kasankhidwe kake kuno ku Blantyre

Mvula ikangodula foni yanga sipuma. Wina wagula poloti ku Chileka, akufuna pasalazidwe amange. Wina kamsewu kolowera kwawo ku Machinjiri kasanduka chigwembe, galimoto akuisiya kwa aneba. Ambiri amangofuna ndibwere ndi thirakitala ndigwire ntchito, basi. Koma masiku ano achuluka ena amene ali ndi thirakitala yawoyawo yolimira ku Lunzu kapena ku Mpemba, ndipo funso lawo limakhala limodzi: "Achimwene, ndigule chitsulo chanji chomangirira kumbuyoku kuti thirakitalayi isamangogona pamthunzi kulima kukatha?" Malangizowa ndalembera anthu amenewo.

Choyamba, kayendeni pamalopo musanapite kusitolo

Mzinda uno unamangidwa pakati pa mapiri. Ndirande, Soche, Michiru, Mpingwe, Bangwe, onsewa amatsanulira madzi awo m'madera mwathumu mpaka akagwere m'mitsinje ngati Mudi, Naperi kapena Likhubula. Amene tinaona zimene madzi anachita ku Chilobwe mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe Freddy, sitifunika wotiuza. Choncho kuno munthu akati "musalaze pakhale fulati", ine ndimayamba ndamufunsa kuti madzi azipita kuti. Madzi saiwala khwawa. Mukakwirira njira yake osaapatsa ina, chaka chamawa mudzaapeza pabalaza.

Tengani zikhomo, chingwe, tepi, ndi paipi yoonekera mkati ija amisiri omanga amathiramo madzi poyezera levulo. Khomani zikhomo motalikirana mamita 5, kenako muzilemba pachikhomo chilichonse kuti apa pakufunika kudula masentimita angati, apo kukwirira angati. Ndi ntchito ya m'mawa umodzi anthu awiri, koma ndi imene imakuuzani zinthu zitatu zimene zisankhe chitsulo m'malo mwa inu: dothi losuntha ndi lochuluka bwanji, likuchoka pati kupita pati, ndipo ndi dothi lamtundu wanji.

Pa kuchuluka kwa dothi ndi pamene maso amanamiza anthu. Tiyerekeze poloti ya mamita 30 mbali zonse. Kungosenda masentimita 10 pamalo onsewo ndi makiyubiki mita 90, ndipo kiyubiki mita imodzi ya dothi imalemera matani 1.5 kapena kuposerapo. Ndiye kuti mukukamba za matani oposa 130. Dothi likakumbidwa limafufumanso, mulu wake umakula kuposa dzenje lomwe lachokamo. Bokosi lokokera dothi lomangirira kumbuyo kwa thirakitala, la mamita 1.8 m'lifupi, limakoka pafupifupi theka la kiyubiki mita ulendo umodzi, ndiye maulendo anu apitirira 200. Zimenezo thirakitala imatha, masiku awiri kapena atatu. Koma ngati zikhomo zikuonetsa kuti mukufunika kudula mita yathunthu m'mbali mwa chitunda, kapena mwakumana ndi thanthwe ndi zitsa zamitengo ikuluikulu, musazunze thirakitala yolimira. Itanani katapila kapena giledala adule zazikuluzo, inu mudzamalizitse. Chimodzimodzi ngati dothi likupita kutali, mamita oposa 50. Zitsulo zonse zakumbuyozi zimakoka dothi pansi, sizinyamula, ndipo ulendo ukatalika dizilo amathera m'njira. Mtunda wotere umafuna baketi yakutsogolo ndi ngolo, kapena tipa.

Za mtundu wa dothi, kumbani ndi piki malo atatu kapena anayi. Katondo wofiira uja mu Okutobala amauma kuti gwa ngati njerwa yowotcha. Makande a kudambo akanyowa amamata pachitsulo, akauma amatuluka zibuma zazikulu zosasalazika. Kumunsi kwa mapiri mumapeza miyala yobisala masentimita ochepa pansi. Mchenga wokha ndi gelevulo yothira kale ndi zimene zimamvera chitsulo chilichonse.

Chachiwiri, yezani thirakitala yanu

Apa sipafuna nthawi yambiri, koma anthu amadumpha. Yezani kuchokera kunja kwa tayala lakumbuyo lina mpaka kunja kwa linzake. Chitsulo chanu chiyenera kuphimba mapazi a matayala onse awiri, kupitirirako pang'ono. Chikachepa, muzisiya mizere ya matayala m'mbali ndipo simungasende pafupi ndi khoma kapena ngalande. Chikakulitsa, thirakitala imangopalasa.

Kenako yezani mabowo a mikono yonyamulira zitsulo ya kumbuyo kwa thirakitala. Makonzedwe a mikono itatuwa, iwiri pansi ndi top link pamwamba, anayamba ndi Harry Ferguson m'zaka za m'ma 1920, ndipo lero ali ndi masayizi odziwika. Category 1 imakhala ndi mapini a pansi a mamilimita 22 ndi pini ya top link ya mamilimita 19. Category 2 mapini a pansi ndi a mamilimita 28, ya pamwamba 25. Mathirakitala ang'onoang'ono ngati Massey Ferguson 135 amayendera yoyambayo, pamene akuluakulu ngati 375 ndi 385, a horsepower 75 ndi 85, amafuna zitsulo za Category 2. Alipo mabushi ovekera pini yaying'ono kuti ikwane pabowo lalikulu, ndipo amagwira ntchito. Koma bushi sasintha chitsulo chopepuka kukhala cholimba. Chitsulo chopangidwira thirakitala ya horsepower 30 mukachimangirira ku 385 n'kukoka mwala, chimene chigonje si thirakitala.

Ndipo pali chinthu chimodzi chimene ndikanachidziwa kale sindikanataya ndalama. Mikono ya hayidiroliki ya mathirakitala athu ambiriwa imangonyamula, sikankhira pansi. Mukatsitsa chitsulo, chimene chimachilowetsa m'dothi ndi kulemera kwake kokha. Ine chitsulo changa choyamba ndinagula kwa munthu wina amene ankasiya ulimi. Chinali mpeni wosalazira dothi wa mamita 2.4, penti yake yowala, mtengo wabwino, ndipo ndinasangalala kuti anyamata awiri anachikweza pa lole popanda kuvutika. Kusangalalako ndiye kunali kupusa kwanga. Ntchito yoyamba inali mu Okutobala, pa katondo. Mpeni uja unkangodumphadumpha pamwamba, gwede gwede, kutulutsa fumbi lokhalokha. Mwini malo, bambo wachikulire, anaima m'mbali manja kumbuyo kwa ola lathunthu, kenako anati, "Mwana wanga, kodi mwabwera kudzasesa?" Madzulo ake ndinamangirira matumba a mchenga pamwamba, mawa lake mpeniwo unagwira mwala n'kupindika pakati.

Chachitatu, sankhani pakati pa zitsulo zitatu

Bokosi, limene ogulitsa amati box blade. Ndi bokosi lachitsulo lopanda pansi ndi lotsegula kutsogolo. Kumbuyo kwake, m'munsi, kuli mipeni iwiri yopatsana msana: wina umadula mukamapita kutsogolo, wina umakankha mukamabwerera. Kutsogolo kuli mzere wa mano amene mumawatsitsa kapena kuwakweza ndi mapini. Manowo amang'amba dothi louma, mpeni umalisenda, makoma a m'mbali amalisunga kuti lisatayike, ndipo mukafika pamalo olowa limangotsalira lokha kudzera pansi. Ndiye kuti chitsulo chimodzi chikukumba, kukoka ndi kukwirira. Kwa munthu wa ku Blantyre amene ali ndi ndalama ya chitsulo chimodzi chokha, ine ndimati gulani bokosi. Ntchito zambiri kuno ndi mapoloti, mabwalo a sukulu ndi matchalitchi, malo omangapo makola, ndipo dothi lathu popanda mano simulichita kanthu. Kufooka kwake n'koti silikankhira dothi kumbali, choncho kukumba ngalande ndi bokosi n'kovuta.

Mpeni wakumbuyo, rear blade, ndi mng'ono wake wa giledala. Ndi chitsulo chimodzi chopindika, chimene mungachitembenuze kuti chiime mopingasa, kuchipendeketsa kuti mbali imodzi ilowe pansi, ndipo mipeni ina yabwino mungaisunthire kumbali kuti itulukire kunja kwa tayala. Ukaima mopingasa, dothi limayenda pampenipo n'kukatayikira mbali imodzi. Ichi ndiye chida cha misewu: kutsegula ngalande, kubweza gelevulo imene magalimoto aikankhira m'mbali, kuumba msana wa msewu. Ngati ntchito yanu yaikulu ndi misewu ya m'mudzi kapena ya pafamu, yambani ndi mpeni. Pogula kumbukirani kuti ukapingasa umafupika. Mpeni wa mamita 2.1 mukautembenuza madigiri 30 umaphimba mamita 1.8 okha, pa madigiri 45 umatsala pafupifupi 1.5. Ndiye mpeni uzikhala wautali kuposa bokosi limene mukanagula pa thirakitala yomweyo, koma kutalikako kuzibwera ndi kulemera. Onetsetsani kuti uli ndi zonse ziwiri, kutembenuka ndi kupendeka. Wongotembenuka chabe sungakukumbireni ngalande yooneka.

Chitsulo chachitatu ndi land plane. Ili ndi miyendo iwiri yaitali yokhwekhwereza pansi ngati chileyi, pakati pake pali mipeni iwiri yopingasa pang'ono. Imasenda timitunda, dothi limadumpha mpeni n'kukagwera m'maenje. Chifukwa imayendera miyendo yakeyake, sitsatira kugwedera kwa thirakitala, ndipo ngakhale dalaivala wa dzana amasiya malo osalala kuti see. Pamsewu wa gelevulo wa mabampu ondondozana ngati lata palibe choiposa. Koma sisuntha dothi lambiri, sikumba ngalande. Ndi chitsulo chachiwiri kapena chachitatu kugula, osati choyamba. Pomalizitsa, ambiri a ife timangokoka chitsulo cholemera ndi tcheni, chomangirira pa drawbar, chitsulo cha pansi chokokera ngolo chija, ndipo chimafafaniza bwino ndithu.

Za baketi yakutsogolo ndingonena mwachidule: ndi yonyamulira ndi kupakira. Kusalazira baketi kumafuna dzanja la katswiri, ndipo kukumbira katondo wouma kumatha mapini ndi ekiselo yakutsogolo.

Chachinayi, chiyang'aneni chitsulocho ngati mukugula ng'ombe

Kaya mwachipeza kwa ogulitsa zipangizo zaulimi m'tauni, kaya ndi chakale cha pa esiteti ku Thyolo, kaya mukufuna amisiri owotcherera a ku Ndirande akupangireni, zoyang'ana ndi zomwezo. Kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zitsulo zochokera kunja zakwera kwambiri, ndiye ambiri akuthamangira kwa amisiri athu. Palibe cholakwika, bola muwauze zimene mukufuna m'malo mongoti "mupange ngati ichi".

Funsani kulemera. Mabokosi a mamita 1.8 alipo ena osafika makilogalamu 200, ena opitirira 350, ndipo pa dothi lathu wolemerayo ndiye mnzanu, malinga thirakitala ikutha kumunyamula popanda kutsogolo kupepuka. Tengani tepi muyeze makoma a m'mbali. Mamilimita 6 ndi a ntchito zopepuka. Kwa thirakitala ya horsepower 75, funani 10 kapena kuposa. Yang'anani pamene mapini a pansi amalowa, chifukwa mphamvu yonse ya thirakitala imadutsa pamenepo. Pini yolowa pakati pa zitsulo ziwiri imalimba kuposa yongotulukira kumbali imodzi. Ngati pamenepo pali powotcherera pamwamba pa powotcherera pena, mukudziwa kale mbiri ya chitsulocho.

Mpeni wodulira weniweniwo uzikhala womanga ndi mabawuti, osati wowotcherera, ndipo ukhale wakuthwa mbali zonse ziwiri kuti ukatha mumasule n'kuutembenuza. Uyenera kukhala wa chitsulo cholimbitsidwa. Pano ndi pamene zopanga kwathu zimagwera, chifukwa mmisiri akaika chitsulo wamba chimatha mwezi umodzi pa gelevulo. Njira yabwino ndi kufuna mpeni wakale wa giledala, mmisiri audule kutalika kwa bokosi lanu n'kuumanga ndi mabawuti a mutu wafulati ngati a pulawo. Mano nawonso: atuluke ndi pini, akhale ndi mabowo atatu kapena anayi osinthira kuya, nsonga zake zikhale zosinthika. Musanalipire funsani kuti dzino likathyoka mudzalipeza kuti. Lidzathyoka ndithu, miyala ya kuno siseka ndi munthu.

Kwa mpeni wakumbuyo, gwirani nsonga imodzi muugwedeze. Ukamagwedera pa pini yapakati ija, mabowo anakula, ndipo pantchito udzasiya mafunde. Imani kumapeto muuyang'ane m'litali mwake ngati mmene mmisiri wa matabwa amayang'anira thabwa. Wopindika usiyeni, ngakhale atakutsitsirani mtengo. Ukawongoledwa ndi moto umafewa pomwepo.

Chachisanu, chiyeseni pa thirakitala yanu

Wogulitsa wachilungamo sakana kuti mubwere ndi thirakitala mumangirire. Kwezani mpaka pamwamba muone ngati chitsulo sichikhudza matayala, ndiponso ngati kutsogolo sikukunyamuka. Kukapepuka, mufunika zolemetsa zakutsogolo musanakwere chitunda chilichonse. Mangani matcheni a m'mbali kuti chitsulo chisamapite uku ndi uku. Pamalo afulati tsitsani muone ngati mbali zonse zakhudza pansi nthawi imodzi. Ngati ayi, konzani ndi chopukusira chija chili pa mkono wakumanja.

Chiwongolero chenicheni cha bokosi ndi top link. Mukaifupikitsa, bokosi limaweramira kutsogolo, mano ndi mpeni zimaluma kwambiri. Mukaitalikitsa, limakhalira kumbuyo, limasiya kudula n'kuyamba kufafaniza. Kupotokola kawiri kokha kumasintha ntchito yonse, ndiye musamachite ulesi kutsika. Pa Massey Ferguson pali timikono tiwiri pambali pa mpando, ka draft ndi ka position. Ka draft n'kolimira: chitsulo chikalemedwa kamachikweza kokha, zimene pa pulawo n'zabwino koma posalaza zimasiya mabampu. Gwiritsani ka position, kamene kamasunga chitsulo pamsinkhu umene mwachiika, ndipo pomalizitsa mukatsitsiretu pansi kuti chitsulo chiziyandama chokha.

Mudzaona chinthu china chokwiyitsa. Matayala akutsogolo akalowa m'dzenje, chitsulo kumbuyo chimanyamuka n'kutaya dothi pamene simukufuna. Akakwera kamtunda, chitsulo chimalowa pansi n'kukumba dzenje latsopano. Mukadutsanso mzere womwewo, mabampu amangoswana. Mankhwala ake ndi giya yotsika, dzanja pa kamkono ka position nthawi zonse, ndi kusintha njira: ulendo uno m'litali, wotsatira mopingasa, wachitatu modula pakona. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Liwiro la munthu woyenda pansi ndi lokwanira.

Ndondomeko ya ntchito ndi iyi. Sendani kaye dothi lakuda lapamwamba, masentimita 10 kapena 15, muliunjike pambali. Amayi a pakhomopo adzakuthokozani pobzala masamba, ndiponso dothi limenelo silifunika pansi pa maziko. Tsitsani mano mung'ambe malo onse okwera, kenako muwakweze n'kuyamba kukoka. Pokwirira musathire mulu umodzi wakuya. Yalani masentimita 15, yendanipo ndi matayala kangapo kutsindira, yalaninso. Dothi lokwirira mothamanga limatitimira mvula yoyamba, ndipo khonde lomangidwa pamenepo limang'aluka. Maziko a nyumba okha azifika pa dothi lachilengedwe, osati lothira.

Pozungulira nyumba, dothi lizitsika masentimita 15 pa mamita 3 oyamba kuchokera kukhoma. Pamsewu, pakati pazikwera masentimita 4 pa mita iliyonse, ndiye kuti msewu wa mamita 4 m'lifupi msana wake ukhale masentimita 8 pamwamba pa m'mbali. Ndi maso zimaoneka zochepa, koma ndi zimene zimachotsa madzi panjira ya matayala n'kuwaponya m'ngalande. Dzenje la pamsewu musamangolithira dothi. Ling'ambeni ndi mano mpaka pansi pake, apo ayi lidzabwerera pomwepo. Ndipo ngalande yanu isakathere pakhomo la mnzanu wa kumunsi. Milandu yambiri ya kwa mfumu m'madera mwathumu imayambira pamenepo.

Nthawi yabwino ndi Epulo ndi Meyi, mvula itangodula, kapena masiku angapo pambuyo pa mvula yoyamba kumapeto a Novembala. Tapani dothi mulifinye m'manja. Likaumbika koma n'kuphwanyika mukalikanikiza ndi chala, gwirani ntchito. Likamata zala, dikirani. Likangoyoyoka ngati ufa, silitsindirika pokhapokha muthire madzi. Chiperoni cha mu Juni ndi Julayi chisakunamizeni, chimanyowetsa pamwamba pokha.

Mano asanalowe pansi, funsani eni malo ndi aneba kumene kunadutsa mapaipi a madzi ndi mawaya a magetsi. Safunsa adadya phula, ndipo ine ndinalidyapo. Mapaipi ambiri ochokera pamita kupita kunyumba anthu anakumbira okha, ena ndi akuya ngati chikhatho basi. Tsiku lina ndinangomva ana akukuwa kumbuyo, kutembenuka ndinapeza madzi akuthovoka kufika pa denga la khitchini, mabanja atatu opanda madzi mpaka madzulo, ndalama ya tsikulo inathera kwa pulambala.

Anawo ndiye chinthu china. M'madera mwathumu thirakitala ikangolira amasonkhana, ndipo amakonda kuthamangira kumbuyo kwenikweni kumene inu simukuona. Ikani munthu wamkulu wowathamangitsa, ndipo aliyense asakwere pabokosi kuti alilemeretse, ngakhale atakhala wamkulu wodzipereka yekha. Pamtsetse muziyenda chokwera ndi chotsika, osati chodula m'mbali, chitsulo chili pafupi ndi pansi. Chitsa kapena mwala musakoke ndi tcheni chomangirira pa top link kapena pamwamba pa ekiselo, chifukwa thirakitala imadzuka kutsogolo n'kugwa chagada musanaponde kilatchi. Pokankha chobwerera musagunde mulu ndi liwiro, mikono ija inapangidwira kukoka ndipo imapindika. Mukatsika, ngakhale kukangomwa madzi, tsitsani chitsulo chigone pansi, zimitsani injini, kiyi m'thumba.